Giya ya Odwala

Lamulo la jezi analikhazikitsa okha a Pulamba, ndi pakamwa pawo pomwepa, popanda wowakakamiza. Gulu lawo la opalasa njinga linkakumana Lamlungu lililonse m'mawa pomwetsera mafuta galimoto, n'kutuluka kunja kwa tauni, ndipo pobwerera linkadzera chitunda chokwera ku thanki ya madzi. Chitunda chimenecho n'choipa mtima. Chimayamba mokunyengerera, iwe n'kumati aaa, n'chomwechi? Koma chikafika pa kalavati, pamene msewu umakhotera kumanzere, chimangoimirira ngati khoma. Ndiye lamulo linali lakuti aliyense wovala jezi yachikasu ya gululo akangoponda pansi pa chitundacho asanafike pa thanki, avule jeziyo pamwamba pomwepo, aipereke, azipita kwawo.

"Kuno si kosewera," ankatero a Pulamba. "Wofuna kukankha njinga akagule wilibala."

Masiku amenewo anali chitsulo cha munthu, miyendo ngati mapaipi amene ankakwirira m'mabwalo a anthu. Koma matama, abale! Pa tayala la kumbuyo la njinga zimenezi pamakhala timbale ta mano tosanjikizana, kuyambira kakang'ono mpaka mbale yaikulu. Ukaika tcheni pa yaikuluyo, kupalasa kumapepuka, njinga imakwera pang'onopang'ono koma imakwera ndithu. A Pulamba anaitcha mbale imeneyo giya ya odwala. Tsiku lina anaimasula pa njinga yawo gulu lonse likuona, n'kukaipachika pa msomali mu shedi yawo, pakati pa masipanala ndi mipopi yakutha. Ankati mwamuna amakwera ndi miyendo, osati ndi mbale.

Woyamba kulumidwa ndi lamuloli anali mlamu wawo weniweni, mchimwene wamng'ono wa akazi awo, wometa tsitsi pafupi ndi msika. Mnyamatayo anabwera m'gulu adokotala atamuopseza za shuga, mimba ili patsogolo ngati wameza beseni. A Pulamba atangomuona anati, "Eee, mwatibweretsera thumba la simenti?" Dzina linamatirira pomwepo, mpaka lero amamutcha Thumba.

Tsiku limene Thumba anavala jezi koyamba, chitunda chinamugwira pakhosi. A Pulamba anabwerera m'mbuyo, n'kumuika dzanja pamsana. "Tiye mlamu, ndakugwira, usaope." Anamukankha bwinobwino, mnyamatayo mpaka kumwetulira. Atafika pa kalavati, pamene munthu amafunira dzanjalo kwambiri, iwo anangolichotsa n'kuyamba kukanda mphuno. Njinga inaima. Nsapato za opalasa zimakhala zokoweka ku mapedulo, sungatsitse phazi msanga ukadzidzimuka, ndiye Thumba anangopendekeka n'kugwera pa phula, khu! Anthu anaseka mpaka misozi. Iye anakankha njinga kukafika pa thanki, anavula jezi, n'kubwerera kwawo ali m'vesiti, bondo likuchucha magazi. Wina atang'ung'udza kuti zimenezo si zabwino, a Pulamba anayankha kuti lamulo likunena za phazi, silinena za dzanja, dzanja ndi la mwini wake.

Kuyambira tsiku limenelo Thumba sanapondenso pakhomo pa a Pulamba. Koma njinga sanaisiye. Ankadzuka yekha asanatsegule shopu, kukalimbana ndi chitunda chija popanda womuseka. Mimba inapita, dzina linatsala. Atabwerera m'gulu anakwera mpaka pa thanki osatsegula n'komwe pakamwa, n'kutenga jezi yake m'manja mwa a Pulamba osanena zikomo.

Kenako chibayo chinawagwetsa a Pulamba. Chinawagoneka m'chipatala, n'kuwagonekanso kunyumba miyezi ingapo, akumwetsedwa ndi supuni ngati khanda. Podzuka anapeza kuti miyendo yasanduka timitengo, kabudula wa njinga akulendewera, ndipo gulu likutsogozedwa ndi Thumba. Nkhani imeneyo inawapweteka kuposa jakisoni aliyense amene anabayidwa. Analengeza kuti Lamlungu likubweralo abwerera, ndipo aliyense aone kuti mwini wake wafika.

Pakati pa sabata anayesa kachitunda ka kuseri kwa msika, kamene kale ankakakwera akuimba mluzu. Anafika pamwamba maso akuchita mdima, chifuwa chikulira. Sanauze munthu. Loweruka masana analowa mu shedi mwakachetechete, n'kutseka chitseko, n'kutambasula dzanja kupita pa msomali uja. Panalibe kanthu. Anasuntha mabokosi, anakhuthula chitini cha mabawuti, anagwada kusuzumira pansi pa tebulo, mpaka mafuta akuda m'mawondo. Ayi ndithu.

Akazi awo anali kusita pakhonde.

"Mayi, pa msomali paja panali chitsulo changa."

"Zitsulo zanu n'zambiri," anayankha osadzutsa mutu.

"Chozungulira. Cha mano."

"Giya ya odwala ija?" Anaimika simbi, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mukuifuniranji, inu a chitsulo? Mwadwala?"

Mayi amenewa ndi amene ankawasambitsa m'chipatala muja, ankadziwa nthiti iliyonse imene yatuluka.

"Ndangofunsa kuti ili kuti."

"Ndinaipereka kalekale. Kwa mwana wa mayi anga, tsiku lija munamubweza ali m'vesiti anthu akumuloza m'misewu. Zaka zonsezi msomali uli wokha, inu osaona n'komwe."

"Ndiye kuti mumandibera m'nyumba mwanga momwe?"

"Kuba? Munanena nokha kuti ndi ya odwala. Ine ndinapatsa wodwala." Anatenganso simbi. Patapita kanthawi anawonjezera, mawu atatsika, "Bambo, musapite mawa. Adokotala anati pang'onopang'ono."

"Adokotala akowo anakwerapo njinga?"

"Chabwino, pitani. Anthu ena amamva nkhwangwa ili m'mutu."

Kugula ina kunali kotheka, koma wogulitsa zitsulo za njinga zoterezi m'tauni yonse anali mmodzi, Makaniko, ndipo naye anali wa m'gulu. Nkhani ikanafika pomwetsera mafuta paja iwo asanafike. Bola kufa. Anapukuta njinga, anapopa matayala, anatulutsa jezi mu sutikesi n'kuiyanika kuti ichoke fungo la mankhwala a njenjete. Jezi imeneyo anaisankha okha mtundu, ndi iwo anapita kwa telala, ndi iwo anayamba kuivala. Ankaiyang'ana ili pa chingwe.

M'mawa anapeza gulu litasonkhana kale. Ena anawombera m'manja, ena anangoyang'anana. A Loya anawagwira dzanja nthawi yaitali ngati opepesa maliro. Mayi wa ku famase anati, "Iii, a Pulamba, mwatha chonchi?" n'kudzigwira pakamwa mochedwa. Thumba anali atatsamira njinga yake akumwa madzi, ndipo sanasunthe.

"Alamu," anatero. "Mwabwera kudzatiperekeza?"

"Ndabwera kudzaona amene wakhala pampando wanga."

"Mpando? Ife tili ndi zishalo basi. Chanu chikadalipo, kaya matako ake."

Anthu anaseka mobisa, akuyang'ana pansi. A Pulamba anakwera njinga n'kudziika kutsogolo kwa mzere, pamalo pawo pa masiku onse. Kumbuyo kwenikweni ankati ndi ku wodi, kumene amagonekako odwala, ndipo iwo anali asanapalasepo kumeneko chibadwire.

Pa msewu wosalala zinthu zinayenda. Mphepo inkawamenya pachifuwa, iwo n'kumakukuta mano, osalola kuti wina awadutse. Ndiye kupusa kwake kunali kumeneko: wodziwa kuti kutsogolo kuli chitunda amabisala kumbuyo kwa anzake, asunge mphamvu. Iwo ankadziwa zimenezo kuposa aliyense, anaphunzitsa anthu onsewa, koma mtima wodzikuza sumva maphunziro ake omwe. Pobwerera tcheni cha a Loya chinagwa n'kukakamira, gulu linaima, ndipo Thumba anachikoka ndi manja n'kuchibwezeretsa, zikhatho zili bii ndi girisi. A Pulamba anathokoza mumtima chifukwa cha kupumako, koma pakamwa anati, "Masiku ano mumaima paliponse ngati minibasi?"

Gulu linanyamukanso.

Thanki inaonekera patali, pamwamba, yoyera ngati dzino. Chitunda chitangoyamba anamva ma giya a anzawo akulira, kete kete kete, aliyense akupepukitsa. Makaniko anawadutsa. Mayi wa ku famase anawadutsa, osawayang'ana, ndipo kusawayang'anako kunali koipa kuposa kuwaseka. A Loya, munthu amene kale ankamusiya ngati waima, nayenso anadutsa akupuma bwinobwino. A Pulamba anatsitsa giya imodzi, kenako ina, kenako ina. Chala chinakankhanso kachitsulo kosinthira, koma tcheni chinalibe kopita. Anakankhanso. Kanangoti gwa, kouma. Pamalo pamene panayenera kukhala mbale yaikulu panali mpata umene anaupanga okha ndi sipanala yawo.

Anaimirira pa mapedulo. Njinga inkapita uku ndi uku ngati woledzera. Mpweya unkatuluka ndi kaphokoso ka mpopi wouma, kamene iwo ankakadziwa bwino pa ntchito, kotanthauza kuti m'paipi mulibe kanthu. Thukuta linalowa m'maso. Mkamwa munali kukoma chitsulo. Kutsogolo ankaona kalavati, makoma ake awiri oyera, ndipo anadziwa mosakayika kuti sadutsapo. Anayamba kuganiza za vesiti imene anavala m'kati, yong'ambika m'khwapa.

Kumanja kwawo kunamveka tcheni choyenda mofewa. Thumba anali atatsalira dala, akupalasa mopepuka ngati wopita kukagula buledi.

"Alamu, tayang'anani pansi apa."

Sanafune, koma maso anapita okha. Tcheni cha Thumba chinali pa mbale yaikulu, yakale, yosiyana mtundu ndi zinzake.

"Mwaizindikira? Imagwira ntchito, eti. Ine ndi imene inandichiritsa. Munataya chinthu chabwino."

"Pita," anatero a Pulamba. Mawu ena analibe mpweya wake.

"Ndipite kuti? Ndikufuna ndione bwino."

Kenako anamva dzanja pamsana, chikhatho chonse, chotentha, pakati pa mapewa. Njinga inawongoka. Miyendo imene inali itauma inayambanso kuzungulira. Thupi lawo, lopanda manyazi, linatsamira dzanjalo lokha iwo asanalilole.

"Chotsa dzanja lako, galu iwe."

"Ndichotse? Nenaninso. Kalavati ndi uyo."

A Pulamba sananenenso.

Anayandikira pokhota paja. Pamwamba, pa thanki, anzawo anali atafika kale, ataima mondondozana m'mbali mwa msewu, akuyang'ana pansi. Msewu unaimirira. Ndipo pomwepo, pa malo enieni aja, dzanja linapepuka. Silinachoke, koma panatsala nsonga za zala zokha. Njinga inayamba kufa.

"Alamu," anatero Thumba mwaulemu kwambiri, "mphuno ikundiyabwa."

A Pulamba anayesa kupotokola phazi kuti nsapato imasuke ku pedulo, koma mwendo sunamvere. Anaona phula likuyandikira, timiyala take, banga la mafuta a galimoto. Anaona vesiti ija. Anaona msewu wonse wobwerera kunyumba, wodutsa pa msika, pa makasitomala awo, pa shopu yometera. Ndiye anamva munthu wina akulankhula ndi pakamwa pawo.

"Mlamu, chonde."

"Simunamveke. Mphepo."

"Chonde, usandisiye!"

Analira mokweza, mpaka mawuwo anakafika pa thanki. Dzanja linabwerera ndi mphamvu, ngati likufuna kuwathyola msana, ndipo linawakankha kudutsa kalavati, kudutsa pokhota, mpaka pamwamba. Thumba naye anali wefuwefu tsopano, mitsempha ili panja m'khosi, koma sanasiye. Anawaperekeza mpaka tayala la kutsogolo litagunda mthunzi wa thanki, kenako anachotsa dzanja n'kulipukuta pa kabudula.

A Pulamba anatsika n'kugwira mpanda wa waya, akutsokomola ngati atulutsa mapapo. Ndi Makaniko amene anayamba.

"Koma akankhidwatu. Tonse taona. Jezi ivulidwe."

"Aponda pansi?" anafunsa Thumba.

"Ayi, koma..."

A Loya anakonza kukhosi, ngati ali m'khoti. "Lamulo likunena za phazi. Silinena za dzanja. Anatiuza eni ake."

Wina anaphulika kuseka n'kusandutsa chifuwa. A Pulamba anakhumba akanagwa pa kalavati paja, galimoto n'kuwamalizitsa. Thumba anabwera pafupi, n'kuwapatsa botolo la madzi pamaso pa onse, ndipo anatsitsa mawu kuti amve iwo okha.

"Musaganize kuti ndachitira inu. Achemwali anabwera ku shopu dzulo, akulira pamaso pa makasitomala anga, kuti ndikubwezereni kunyumba muli amoyo. Ine ndinkafuna mugwe. Ndakhala ndikulota mukugwa." Anapumira. "Koma ndili pa kalavati paja ndinaganiza kuti kuvula jezi n'kosavuta. Ine ndinavulapo. Umavula kamodzi, umalira, umapita kwanu. Inu muzivala."

"Ndibwezere giya yanga."

"Ya odwala? Mukachira ndidzakubwezerani."

Potsika kubwerera m'tauni a Pulamba anadziikanso kutsogolo. Nanga akanatani? Jezi inali pathupi, malo anali awo. Kumbuyo kwawo kunkamveka tizikhwekhwe, wina akuletsa mnzake, wina akulephera kudzigwira. Pa maloboti mnyamata wa minibasi anawaloza n'kukuwa zinazake, anthu m'katimo n'kutembenuka. Iwo anaumitsa khosi, akuganiza kuti nkhani ya kukankhidwa yafika kale m'tauni.

Anadziwira kunyumba. Akazi awo anawatsegulira geti, n'kuwayang'ana kumaso kaye, kuona ngati akupuma, ndipo atadutsa anamva mayiwo akuti, "Mayo ine." Anavula jezi m'bafa n'kuitembenuza. Pakati pa msana, pa chikasu chowala chija, panali dzanja lakuda la girisi. Chikhatho, chala chachikulu, zala zinayi zotambasuka, zonse zooneka bwino ngati anachita kudinda. Analiyendetsa dzanja limenelo m'tauni yonse, ali patsogolo pa mzere, khosi lili njo.

Sanalole kuti wina aichape. Anapita nayo okha ku shedi, anathira sopo, anathira parafini, anakwecha ndi burashi ya mapaipi mpaka nsalu inayamba kuyoyoka. Dzanja linangosanduka lotuwa, koma zala zinakhalabe zisanu. Akazi awo anaima pakhomo la shedi atapinda manja.

"Girisi wa tcheni sachoka," anatero. "Kapempheni ina."

"Kwa ndani?"

Onse awiri ankadziwa kuti majezi a gulu tsopano amasungidwa mu kabati ya ku shopu yometera, pansi pa malumo ndi mapaketi a malezala.

Sabata yonse jeziyo inakhala pa msomali umene kale unali wa giya. A Pulamba ankalowa kudzatenga sipanala, n'kuipeza ikuwayang'ana. Lachisanu anaganiza zoipinda n'kuitumiza ndi akazi awo, nkhani ithe. Anafika poichotsa pa msomali. Koma atainyamula, manja anakana. Gulu limenelo analiyambitsa okha, ali ndi njinga yobwereka, pamene anthu ankawaseka kuti bambo wamkulu akuvala kabudula wothina. Popanda Lamlungu limenelo, sabata yawo inali zimbudzi zotsekeka za anthu basi.

Lamlungu anafika pomwetsera mafuta paja atavala jezi yawo. Anapereka moni atatsamira khoma. Thumba anawayang'ana, n'kuloza kutsogolo kwa mzere ndi botolo lake.

"Malo anu awo, alamu. Tatsogolani."

Onse anadikira. A Pulamba anaweramira nsapato yawo, akukonza chingwe chimene chinalibe vuto, mpaka Makaniko ananyamuka, kenako mayi wa ku famase, kenako a Loya, kenako Thumba. Atapita onse ndi pamene anakoweka phazi ku pedulo, n'kuwatsatira. Anapalasa kumbuyo kwenikweni, ku wodi, kumene kulibe munthu woona msana wa mnzake.